Thirakitala Yodikira Nyundo

Sendererani kuno, ndipo wofuna kutsokomola atsokomoleretu, chifukwa nkhani iyi sifuna kudulidwa pakati. Inachitika kumadzulo kwa Kasiya, pa famu ina imene lero ndi tchire lokhalokha, ndipo inayamba ndi kanthu kochepa kamene munthu wadongosolo akanakonza tsiku limodzi.

Mwini famuyo anali Bizaliyele Kamtedza, munthu wamtali, wa mawu ochepa, wovala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kutchalitchi ankakhala pa benchi yachiwiri kuchokera kutsogolo, ndipo nyimbo ankaziimba osayang'ana m'buku. Mzungu wa esiteti yoyandikana naye atagulitsa katundu n'kubwerera kwawo, Kamtedza anagula thirakitala yakale yotuwa, pulawo yake ndi ngolo. Pamodzi ndi zitsulozo anatenganso woyendetsa wake, Malizani, mkulu wopindika msana amene anakalambira pampando wa thirakitalayo. Anthu ankaseka kuti pa awiriwo sizidziwika wamkulu ndani.

Thirakitalayo inali yamphamvu, koma inali ndi nthenda imodzi: sitata. Sitata ndi kamakina kamene kamapukusa injini kuti ilire, ndipo pa thirakitala imeneyi kanali m'munsi chakumanja, patsogolo penipeni pa tayala lalikulu lakumbuyo. Munthu akapotoza kiyi, m'malo mopukusa inkangoti the! n'kukhala chete. Mankhwala ake anali nyundo. Wina ankakhala pampando atapotoza kiyi, mnzake n'kugwada pansi, phewa litatsala pang'ono kukhudza tayala, n'kugogoda sitatayo katatu: go, go, go. Pa kachitatu injini inkadzuka.

Kachitsulo koletsa thirakitala kulira ili m'giya kanafa kalekale mzungu akadalipo, choncho Malizani anali ndi lamulo lake. Asanakweze nyundo ankafunsa wapampando kuti, "Yamasuka?" Wapampandoyo ankayenera kugwira ndodo ya giya, kuigwedeza uku ndi uku, kuona kuti ikusewera, siili m'giya, ndiyeno n'kuyankha kuti, "Yamasuka." Mawu awiri okha. Zaka zoposa makumi awiri mawu amenewa anasunga miyendo ya anthu, ndipo panalibe amene anathyokapo ngakhale chala.

Nyundoyo inali ya Malizani mwini wake. Anaisula atsibweni ake, amene anali amisiri a makasu kutsidya kwa mtsinje wa Bua, ndipo mpini wake wa muwanga unali utada bii ndi thukuta la anthu awiri.

Chaka ndi chaka Malizani ankavula chipewa n'kunena mawu omwewo. "Bwana, sitata iyi ikufuna makaniko. Aitsegule, aitsuke, aike mabulashi atsopano. Ndi tsiku limodzi lokha."

"Nyundo yako yathyoka?" ankatero Kamtedza.

"Ayi, bwana."

"Ndiye makaniko wachiyani? Menya."

Kamtedza ankamunena kuti iwe, mkulu woti akanamubereka. Zimenezo zokha zikanakuuzani kuti jekete ija inkabisa chiyani.

Linafika tsiku lina Lachinayi, kumapeto kwa Okutobala. Mitambo inali itayamba kuunjikana cha ku Mchinji, koma munda wakumtunda unali usanagaulidwe. Dzulo lake Kamtedza anali atalowetsa yekha thirakitala m'shedi, ndipo popeza pansi pake panali potsetsereka pang'ono, anaisiya m'giya. Malizani sankatero. Iye ankaimasula n'kutsekera tayala ndi mwala.

M'mawa umenewo m'shedi munali anthu awiri okha. Kamtedza anakwera pampando, Malizani n'kugwada ndi nyundo yake.

"Yamasuka, bwana?"

Kamtedza maso anali kumitambo, dzanja lina pachiwongolero, lina pa kiyi. Ndodo ya giya sanaikhudze.

"Yamasuka. Fulumira, mvula siyembekeza munthu."

Go, go, go.

Thirakitala inalumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Kunamveka mfuu imodzi yokha. Chitsulo chija chinakatsamira pa mzati wa shedi n'kuzima.

Kamtedza atatsika anapeza Malizani akadali moyo, atagona chagada, maso ali gwa pa iye. Ankangomuyang'ana, monga amayang'anira munthu amene wafunsa funso ndipo akudikira yankho lina. Kamtedza sanagwade, sanamugwire dzanja. Anatola nyundo n'kuiponya m'bokosi la zipangizo, anachotsa kiyi n'kuika m'thumba, kenaka anatenga sipanala n'kuisiya pafupi ndi dzanja la mkuluyo. Zonsezi anachita maso aja akumutsatira. Atatha m'pamene anatuluka kukakuwa.

Antchito atathamangira, anawauza kuti, "Ndamupeza chonchi. Anali yekha. Wagunditsa mawaya a sitata ndi sipanala osaona kuti ili m'giya. Ukalamba."

Kapitawo wa pa famupo, Ndawala, amene anaphunzira kuyendetsa kwa Malizani, anayang'ana sipanalayo, n'kuyang'ananso bwana wake, koma anameza mawu. Anali ndi ana asanu ndi awiri.

Malizani anatsirizika dzuwa lisanafike pamutu. Mkazi wake, Nachisale, anabwera kudzagwada pakhonde la nyumba yaikulu.

"Bwana, kumudzi kwawo n'kutali, kutsidya kwa Bua. Tikupempha thirakitala ndi ngolo itiperekeze. Anaiyendetsa moyo wawo wonse."

"Thirakitala si galimoto ya maliro, mayi iwe. Ukuiona mitamboyo? Mvula siyembekeza munthu."

Anamunyamula pa machira a nsungwi, amuna anayi akusinthana ndi anzawo anayi, pa dzuwa lija la Okutobala. Kwathu kuno maliro akakhala pamphasa khasu siligwira nthaka. Ngakhale mwana amadziwa. Koma onyamula malirowo podutsa m'mbali mwa munda wakumtunda anapeza thirakitala ikugaula, ataidzutsa pochita kukankha, Ndawala ali pampando misozi ikutsika, ndipo fumbi lofiira linawaza nsalu yophimba mtembo.

Patapita milungu iwiri Nachisale anabweranso, atameta, ali ndi kansalu kakuda kumutu.

"Bwana, kumudzi asonkhanitsa katundu wa malemu. Chasowa ndi nyundo. Akuti ndi ya atsibweni awo, ndi ya mbumba, ndipo sangandisudzule isanafike. Ine ndili ngati womangidwa. Kwathu sindingapite, kuno sindingakhale."

"Chilichonse chili m'shedi muja ndi cha famu."

"Inu mukudziwa kuti anabwera nayo, bwana."

"Nanga sitata ndiziigogoda ndi chiyani? Mutu wako?" Kamtedza anaimirira n'kukonza jekete. "Ndipo nyumba ija ndikuifuna. Pofika Loweruka ukhale utatulutsa miphika yako."

Nachisale anawomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu wonse. "Ndamva. Ndidzabweranso."

Zinayamba ndi nyenje. Nyengo imeneyo nyenje zimalira kuyambira m'mawa mpaka makutu kuwawa, ndipo munthu amaziiwala. Koma tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, zonse zinaleka nthawi imodzi, ngati wina wazitseka pakamwa. Kamtedza anali pakhonde, mkazi wake Nagama akusankha nyemba pambali pake. Mu bata limenelo, kuchokera kushedi, kunamveka bwinobwino:

Go, go, go.

Kenaka nyenje zinayambiranso.

"Mwamva, bambo a Linesi?" anafunsa Nagama.

"Malata akutanuka ndi dzuwa."

"Malata amawerenga mpaka katatu?"

Kamtedza anapita yekha kushedi. Munalibe munthu. Bokosi la zipangizo linali lokhoma monga analisiyira. Koma nyundo inali kunja, itagona pamwamba pa sitata, mpini utaloza kumene munthu wogwada akanaugwira mosavuta. Kutsogolo kwa tayala kunali mwala, woikidwa monga Malizani ankaikira.

Anatenga nyundoyo n'kukaikhomera m'sutikesi, pansi pa bedi. M'mawa mwake, nthawi yomweyo, nyenje zinaleka. Atapita kushedi anaipeza pamalo pomwe paja.

Zina zinali zazing'ono kwambiri moti munthu sakanazinena osaoneka wopusa. Thumba limene Malizani ankayala pampando linkapezeka litapindidwa kanayi, ngakhale Ndawala ankalisiya lili chiyalire. Agalu a pa famupo, amene kale ankagona pansi pa ngolo kuthawa dzuwa, tsopano ankalolera kupsa pabwalo. Nkhuku zinaleka kuikira m'shedi. Mayi wina wokatunga madzi anati anaona munthu atagwada pambali pa thirakitala, koma atafunsidwa kuti anali wotani, anangoti, "Ndinaona msana wokha," n'kukana kupitiriza.

Ntchito inaima. Panalibe wantchito wolola kugwada patsogolo pa tayala lija. Kamtedza anaopseza, anatukwana, anathamangitsa mabanja awiri, koma otsalawo ankangoyang'ana pansi. Kudzutsa thirakitala kunafuna amuna asanu ndi atatu okankha, ndipo ikazima pakati pa munda, pa dothi lofewa, inkagona komweko mpaka m'mawa. Anzake oyandikana nawo anali atakonza kale mizere. Iye, amene ankayamba kubzala chaka chilichonse, amene anthu ankamutchula popereka chitsanzo, theka la munda wake linali likadali ndi mapesi.

Atamva kuti antchito akumasonkhana chapatali masana kudzamvetsera, anawaitanitsa onse pabwalo.

"Mverani. Aliyense amene ndidzamupeze akuyandikira shedi chifukwa cha phokoso, kaya n'kugogoda, kaya n'kulira, kaya wina akuitana dzina lake, apinde mphasa yake tsiku lomwelo. Pano si pabwalo la gule."

"Ngakhale wina akuitana, bwana?" anafunsa Ndawala.

"Wagontha? Ngakhale wina akuitana."

Lachisanu m'mawa panafika munthu pa njinga, atamangirira chikwama cha zipangizo kumbuyo. Anali Che Sumaili, makaniko wa pa msika, bambo wonenepa wokonda nthabwala.

"Ndafika, bwana. Ili kuti yodwalayo?"

"Wakuitanani ndani?"

"Si inu mwanditumira munthu? Dzulo, ndikuchokera ku chigayo, mkulu wina anandiimitsa pa kamlatho kaja. Akuti, bwana akuti mubwere mudzakonze sitata, ndi tsiku limodzi lokha."

"Mkulu wotani?"

"Wopindika msana, nsapato za matayala. Nkhope sindinaione bwino, dzuwa linali kumbuyo kwake. Poyenda amakoka mbali imodzi, ngati thupi lakumunsi si lake. Ndinati kwerani ndikupalaseni, iye akuti ayi, ndili pafupi." Che Sumaili anaseka. "Bwanji, si wanu?"

"Ndi wathu," anatero Kamtedza. "Tiyeni."

Che Sumaili anali mmisiri weniweni. Anayamba wachotsa waya wa batire, kenaka anamasula mabawuti atatu n'kutsitsa sitata ija pa thumba. Anaitembenuza n'kuimba mluzu poona zipsera za nyundo thupi lonse.

"Ha! Imeneyi ikanakhala mkazi, bwenzi itabwerera kwa amake kalekale."

Ataitsegula anamuonetsa Kamtedza nthenda yake. Kagiya kakang'ono kamene kamayenera kuthamanga pa mtanda wake kukaluma injini kanali katamatidwa ndi girisi wakale wosakanizika ndi fumbi, wouma ngati phula. Mabulashi, timakala topatsira magetsi m'kati mwake, anali atatha ngati mano a nkhalamba. Anatsuka zonse m'palafini, anapala mkuwa mpaka kuwala, anaika mabulashi atsopano ndi kadontho ka oyilo. Atagunditsa mawaya ku batire pansi pomwepo, sitata inalira mokoma, kagiya kakutuluka ndi kubwerera ngati lilime la njoka.

"Mwaona? Ntchito ya maola atatu. Mukanandiitana kale, nyundo ikanapuma."

Anaibwezera, anamanga mabawuti, n'kukwera pampando. Anagwedeza ndodo ya giya, n'kupotoza kiyi.

The!

Anatsika, anayang'ana mawaya onse, anapala mitu ya batire. The! Anaitsitsanso, pa thumba inalira bwinobwino. Anaibwezera. The! Nthabwala zinamuthera. Anakhala pampando thukuta likuyenderera, dzanja lili pa kiyi, Kamtedza ataima kumanzere pafupi ndi khomo.

Nyenje zinaleka.

Kumanja kwa thirakitala, m'munsi, kumene onse awiri sankatha kuona, kunamveka kupuma kwa munthu wotopa, ndi kaphokoso ka bondo lofika pansi.

Go, go, go.

Injini inabangula mpaka malata kunjenjemera.

Che Sumaili anaizimitsa. Anatsikira kumanzere, osacheuka, n'kuyamba kulonga masipanala ake. Nagama anabwera kudzanena kuti chakudya chapsa, koma iye anapukusa mutu.

"Zikomo, mayi, ndadya kale." Atakwera njinga anatembenukira kwa Kamtedza. "Bwana, ine ndakonza zachitsulo. Sitata ija ilibe vuto. Amene akugogodayo mukambirane naye nokha. Ngati pali chake chimene munatsekera, m'patseni. Ngati pali mawu amene akudikira, anenereni anthu akumva."

Madzulo ake Nagama anayesanso. "Bambo a Linesi, bwezani nyundo ija. Ndi chitsulo chabe. Ndipo ngati tsiku lija kunachitika zina, pitani kwa abusa. Munthu amagwa, n'kudzuka."

Kamtedza anamuyang'ana mpaka mkaziyo anatsitsa maso. Mumtima mwake ankadziwa kuti kubweza nyundo kunali kosavuta. Chovuta chinali chinacho: kuimirira pamaso pa mpingo, pamaso pa antchito ake osavala nsapato, n'kunena kuti ine Kamtedza ndinayankha osagwira ndodo, ndipo ndinanamizira wakufa. Benchi yachiwiri ija sakanakhalaponso. Anasankha kusunga benchi.

Lamulungu kunacha kotentha modabwitsa, mitambo yakuda itatsika mpaka pamwamba pa mitengo. Kamtedza anati mutu ukumupweteka, ndipo Nagama anapita yekha kutchalitchi. Tsiku la Ambuye si logwira pulawo, ndipo iye ankadziwa lamulolo pamtima, koma anaona kuti mvula ikagwa munda usanathe, chaka chapita. Anaganiza zoidzutsa yekha, mwa njira imene ananamizira Malizani: kugunditsa mawaya a sitata ndi sipanala, popanda munthu pampando.

Taonani tsono dongosolo limene anachita tsiku limenelo. Anagwedeza ndodo ya giya kawiri, katatu, mpaka kukhutira kuti ikusewera. Anatsekera matayala onse akumbuyo ndi miyala. Kiyi anaika m'thumba la jekete n'kumanga batani. Chisamaliro chonse chimene anamana mnzake anadzipatsa yekha mosefukira.

Anagwada pamalo paja. Nyundo inali pomwepo pamwamba pa sitata, koma anaikankhira pambali. Anagunditsa sipanala. Moto unathetheka, sitata n'kungoti the! Anayesanso. The!

Ndiye anazindikira kuti akumva kugunda kwa mtima wake. Nyenje zinali zitaleka.

Pamwamba pake chitsulo cha mpando chinalira pang'onopang'ono, monga chimalirira munthu akakhalapo. Thirakitala inatsamira pang'ono mbali yake. Kamtedza sanadzutse mutu. Kuchokera pamene anagwada ankatha kuona popondera pokha, ndipo pamenepo panali nsapato ya tayala, chingwe chake chomangidwa ndi waya, ndi fumbi lofiira pa zala.



The! inatero sitata, iye osaikhudza. Kiyi ankamumva m'thumba, akumukanda pachifuwa.

"Gogodani, bwana." Mawuwo anali aulemu monga kale, otsika, a munthu wovula chipewa. "Mvula siyembekeza munthu."

Kamtedza anayesa pemphero, koma mawu onse amene ankawadziwa osayang'ana m'buku anabalalika. Anayesa kunena kuti pepa, lilime linakana, linali lisanazolowere. Anapeza nyundo ili kale m'dzanja lake, mpini wake uli wofunda ngati wina wangousiya kumene. Ndipo pakamwa pake panatuluka funso limodzi lokha, ndi mawu aang'ono ngati a mwana:

"Yamasuka?"

Anamva ndodo ya giya ikugwedezedwa uku ndi uku, mosafulumira, monga lamulo linkanenera.

"Yamasuka, bwana."

Malizani sananamepo pa moyo wake wonse. Kamtedza anagwira mfundo imeneyo ngati munthu womira wogwira udzu. Anakweza nyundo.

Go, go, go.

Kumakomboni a antchito anamva injini ikubangula n'kuzima, kenaka mfuu. Anamva mawu akuitana, "Ndawala! Ndawala iwe!" Amayi anakokera ana m'nyumba. Ndawala anaimirira, mkazi wake n'kumugwira malaya.

"Mukupita kuti? Munamva lamulo. Ngakhale wina akuitana."

"Koma akumveka ngati bwana."

"Bwana ali kutchalitchi, pa benchi yawo. Khalani pansi, muli ndi ana."

Ndawala anakhala pansi. Mawu aja anaitana ola lathunthu, kenaka lachiwiri, akunka nachepa. Anatchula wantchito aliyense ndi dzina lake, ndipo ena akuti kumapeto ankawonjezera kuti chonde. Panalibe amene anasuntha.

Nagama anabwerako dzuwa litapendeka, madontho oyamba akugwa. Panjira anakumana ndi Nachisale, amene ankabweranso kudzapempha nyundo, ndipo anafika limodzi. Kulira kwa Nagama n'kumene kunatulutsa anthu.

Anamupeza pamalo pomwe anagona Malizani, kuyambira m'chiuno kutsika kulibe chake. Thirakitala inali itakwera miyala ija n'kukatsamira pa mzati womwe uja. Ndawala anakwera n'kugwira ndodo ya giya. Inali yomasuka, ikusewera uku ndi uku.

Kamtedza anali akadali ndi mawu. Atagona pamenepo, anthu onse atamuzungulira, ananena zonse, za Lachinayi lija ndi za tsiku limenelo, ndipo n'chifukwa chake tikuzidziwa. Anazinena mofulumira, ngati munthu woponya katundu kuti bwato lisamire. Atatha anati, "Ndanena. Tsopano nditengereni kuchipatala. Mangani ngolo."

Anamanga ngolo, anayalamo matiresi. Ndawala anatulutsa kiyi m'thumba la jekete n'kukwera. The! Amuna khumi anayesa kukankha, koma mvula inali itayamba kukhuthuka, ndipo pakhomo la shedi panasanduka phala, ankangoterereka n'kugwa.

"Gogodani!" anakuwa Kamtedza. "Wina agogode! Katatu kokha!"

Amuna aja anayang'ana pamalo paja, patsogolo pa tayala, n'kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Nagama anagwada kuti achite yekha, koma anafufuza nyundo osaipeza.

Inali m'manja mwa Nachisale. Anali ataitola mwakachetechete, ndipo ankaipukuta mpini ndi nsonga ya chitenje chake.

Kamtedza anatembenuza mutu movutika. "Mayi," anatero, ndipo kanali koyamba kumutchula popanda iwe. "Mayi, ndapota nanu. M'patseni mkazi wanga nyundoyo. Kamphindi kokha, kenaka mupite nayo."

Nachisale anakulunga nyundo m'chitenje n'kuimangirira m'chiuno. Anagwada, anawomba m'manja mwaulemu wonse monga tsiku lija.

"Pepani, bwana. Iyi si ya famu. Akuidikira kumudzi, ndipo ndiyenera kuwoloka Bua asanadzaze. Munanena nokha, mvula siyembekeza munthu."

Anadzuka n'kutuluka, ndipo panalibe amene anamuimitsa. Nagama anayesa ndi sipanala, anayesa ndi mwala, mpaka zala kutuluka magazi. Sitata inkangoti the!

Machira a nsungwi aja anali akadali kuseri kwa makomboni. Anamunyamula amuna omwe aja, mu mvula, matope akufika m'mawondo. Akuti anali maso mpaka pa munda wakumtunda, ndipo anaona mapesi ake akunyowa. Pa kamlatho sanafikepo ndi moyo.

Nachisale anawoloka, ndipo anamusudzula mlungu womwewo. Kuyambira tsiku limenelo kugogoda sikunamvekenso pa famupo. Nagama anabwerera kwawo, antchito anabalalika, malata a shedi anthu anasasula. Thirakitala yokha palibe anaifuna, ngakhale ogula zitsulo zakale. Ilipobe, matayala ataphwa, chitedze chitakulunga chiwongolero, batire anachotsa kalekale.

Koma odula udzu kumeneko amati mwezi wa Okutobala, mitambo ikayamba kuunjikana cha ku Mchinji, dzuwa lili paliwombo, nyenje zimaleka nthawi imodzi. Ndipo m'tchire muja mumamveka kaphokoso kamodzi: the! Pakapita kanthawi, the! Wina wa jekete ali pampando, akupotoza kiyi, akudikira womugogodera.

Mpaka lero palibe amene anapitako.